Dzina Limene Ndinasoka pa Chikwama cha Mdzukulu Wanga

Anzanga a mvano ndiwo andikakamiza kutumiza nkhaniyi ku wailesi, ine mwini ndimachita nayo manyazi.

Ndimalera mdzukulu wanga wamkazi wa Sitandade 2 kuno kwa Kaphuka. Amayi ake ali ku Joni, koma imeneyo ndi nkhani ina. Zikwama za pamsika zimafanana, ndiye ana ankangosinthanitsa. Ndinatenga ulusi wofiira n'kusoka dzina lake kunja kwa chikwama, zilembo zikuluzikulu. Sukulu ndinalekezera Sitandade Folo, koma singano ndimaidziwa ine, mpaka aphunzitsi anayamikira.

Tsiku lina mwanayo ataweruka, bambo wina wa njinga yamoto anaima n'kumuitana dzina. "Agogo ako agwa kudimba la mbatata, andituma ndidzakutenge." Mwana anakwera uku akulira. Mwayi wake, mnansi wanga ankapita kuchigayo. Atawaona anakuwa, "Iwe tsika! Agogo ako ndawasiya akupuntha nyemba!" Bamboyo anakankhira mwana pansi n'kuthawa. Sanapezeke mpaka lero.

Mwanayo atafika pakhomo ndinamukalipira, "Kodi sindinakuuze kuti usamatengedwe ndi alendo?"

Iye anati, "Agogo, si mlendo. Amandidziwa dzina."

Munthu uja sanafunse aliyense, anangowerenga pamsana pa mwana zimene ndinasoka ndi manja angawa.

Ndinachotsa ulusi wonse, koma mabowo a singano ankawerengekabe, ndiye chikwamacho ndinangochiotcha. Mwanayo mpaka pano akamva njinga yamoto amathawira m'chimanga.

Amayi anzanga, dzina la mwana lembani m'kati mwa chikwama. Inu mwamva nkhaniyi, chonde kawauzeni anzanu opanda wailesi, kaya ndi pamjigo, kaya ndi kumaliro.