Malata Okanidwa Anandisungira Ntchito

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a kuno ku Bulawayo ndi inu amene mukuwerenga muli kutali. Ine ndine Phiri, koma ku Luveve kumene ndimakhala amanditcha SaThandi, kutengera mwana wanga woyamba. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene maso anga anachita chifunga ntchito n'kutsala pang'ono kundithera, ndi mmene Mulungu anandipulumutsira ndi chinthu chimene ineyo ndinkapemphera kuti chisafike n'komwe.

Ndimagwira ntchito pa fakitale ina yopanga malata ku Belmont. Chitsulo chimabwera chokulungidwa ngati mphasa yaikulu, makina n'kuchitambasula, kuchipinda mizere ndi kuchidula. Kuyambira ndisanakwatire, ntchito yanga inali kuima kumapeto kwa makinawo, kirayoni wachikasu ali m'manja. Ndikaona pokandika, pofwanyika, penti yotumphuka matuza kapena dzimbiri loyera, ndinkazunguliza malowo ndi kirayoni, lata n'kuikidwa pambali. Sindibisa, maso anga ndinkanyada nawo. Anzanga ankanena kuti ndikhoza kuona nkhupakupa pa galu ali kutsidya kwa msewu.

Malata okanidwawo kampani imagulitsa kwa antchito pamtengo wotsika, ndipo sagona pa fakitale. Ena amafolera makola a nkhuku, ena timashopu ta pakhomo. Ine anga ndinkapereka ku tchalitchi chathu, limodzi lero, awiri mwezi wina, kuti tidzamange holo yoti amayi aziphikiramo pa maliro ndi pa maukwati. Koma komiti yomanga ya kwathu, abale, imayenda ngati bilimankhwe. Zaka zinkapita, malata akungounjikana mu shedi ya kuseri kwa tchalitchi. Pamsonkhano uliwonse ndinkaimirira n'kuwakumbutsa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, mpaka akuluampingo ena ankayang'ana kudenga ndikangokweza dzanja.

Kenako maso anayamba kundinyenga. Nambala ya kombi, minibasi za kuno, ndinkaiona itandidutsa kale, ndipo nyali za mu fakitale zinkaoneka ngati zavala utsi. Adokotala anati ndi ng'ala, m'maso onse awiri, ndipo pafunika opaleshoni. Anandiika pamzere wodikira, ndipo wolipira anali chithandizo cha kuchipatala chimene timachipeza chifukwa cha ntchito. Ndinawauza akapitawo athu, Bambo Ndlovu, tsiku lomwelo. Anandimvera chisoni, koma pasanapite nthawi lole yathunthu ya malata inabwezedwa kuchokera ku Gwanda, ambiri ali okandika, onse atadutsa pamaso panga. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinadziwanso kuti ntchito ikatha, opaleshoni yathera pomwepo.

Sabata yomweyo mabwana analengeza kuti agula makamera oti aziona zilema za malata. Apa ndiye ndinagwada ndi mtima wonse. Ndinkapempha Mulungu kuti mabokosi a makamerawo akakamire pa chipata cha m'malire cha Beitbridge, mapepala ake asowe, ngakhale agwe mu mtsinje wa Limpopo. Mkazi wanga NaThandi anandimva tsiku lina ndikupemphera motero, ndipo anadikira kuti ndinene ameni.

"Inu SaThandi, Mulungu mwamulemba ntchito ya kasitomu? Muuzeni vuto lanu, njira asankhe yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mabokosi anafika bwinobwino, osakandika n'komwe. Anabwera ndi injiniya wachitsikana, MaMoyo, wamsinkhu wa Thandi wanga. Anapachika makamera pamwamba pa malo anga enieni, ndi nyali zowalira chopendekera kuti pokandika pazichita kamthunzi. Zithunzi zinkapita mu kompyuta, ndipo kompyutayo ikaona chilema inkaliza belu n'kuimitsa makina. Masabata oyamba zinali zoseketsa. Ntchentche ikatera pa lata, belu. Kadontho ka mafuta, belu. Koma lata la matuza linkadutsa mwaulemu ngati mlendo wolemekezeka. Ine ndinkaseka chamumtima, ndikuganiza kuti pemphero langa layankhidwa mochedwa.

Kuseka kunatha pamene Bambo Ndlovu anandiitanira pambali. Anandiuza mofatsa kuti makamera agwire kapena asagwire, ine sangandisiye pamalo aja ndi maso otere, ndipo mabwana akambirana za ine pakutha pa mwezi. Ndinakwera kombi ya ku Luveve ngati ndikuchokera ku maliro. Ndinkaopa kukhala wakhungu, wongokhala pakhonde kudikira kuti wina andiuze amene wadutsa. Tsiku limenelo ndinapemphera monga ananenera NaThandi. Ndinati Ambuye, maso awa munapereka ndinu, nzeru zandithera, chitani zimene mukudziwa.

Patapita masiku, pa nthawi ya chakudya chamasana, ndinapeza MaMoyo atakhala pa bokosi, atagwira tsaya. Ndinamugawira mbatata yanga, poti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Anandifotokozera kuti kompyuta ija ili ngati mwana, siidziwa chilema mpaka itaonetsedwa zilema zambiri zenizeni, chilichonse wina atailozera kuti ichi ndi chakuti. Vuto linali lakuti zilema zina zimaoneka mwa apo ndi apo, ndipo malata okanidwa onse anagulidwa kalekale, ali pa makola a nkhuku, dzuwa ndi mvula zitawasintha. Nayenso mabwana anali atamupatsa mpaka kutha kwa mwezi.

Ndinaika mbatata pansi. Ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa ndithandiza mdani wanga, makamera aja, koma mtsikanayo anali pamavuto ngati anga omwe. Ndinamuuza za shedi ya ku tchalitchi.

Loweruka tinapita limodzi ku Luveve, ndipo mkulu wampingo wosunga makiyi anatitsegulira. Malata anali momwe ndinawasiyira, ouma, osakhudzidwa ndi dzuwa, lililonse lili ndi mzere wachikasu wozungulira chilema chake. MaMoyo ankanyamula limodzilimodzi, akuseka ngati mwana wapatsidwa nsapato za Khirisimasi. Ankandiuza zimene akuona mkati mwa mzere, ine n'kupapasa ndi chala n'kutchula dzina la chilemacho. Kenako anaima n'kundiyang'ana.

"Baba Phiri, maso anu akale aja sanatayike ayi. Munawasunga muno mu shedi."

Abale, ndinalira pamaso pa mwana uja, osachita manyazi.

Mpingo unavomera kubwereketsa malatawo, ndipo lole ya kampani inadzawatenga. MaMoyo ankajambula lata lililonse lili ndi mzere wake, kenako tinkapukuta kirayoni n'kulidutsitsa pansi pa makamera, kuti kompyuta iphunzire chilemacho osati mzere wanga. Pang'ono ndi pang'ono belu linasiya kulirira ntchentche. Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi sikirini yaikulu imene anaika pambali pa makina. Kokandika kochepa ngati tsitsi kankaoneka pamenepo kotalika ngati mkono wanga. Ine amene sindinkatha kuona nambala ya kombi ndinayambanso kuona zilema, bwino kuposa kale.

MaMoyo anauza mabwana kuti makinawo amafunabe munthu wokhala pa sikirini, woti kompyuta ikakayikira aziiuza kuti ichi ndi chilema, ichi ndi fumbi chabe, kuti izipitiriza kuphunzira. Anatchula dzina langa, Bambo Ndlovu n'kuvomereza. Mwezi unatha ine ndili pantchito, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinkagwira nditakhala pampando. Anzanga anayamba kunditcha ahedi, poti ndili ndi mwana wasukulu mmodzi wopanda miyendo.

Nthawi yanga ya opaleshoni itakwana, anachita diso limodzi, kenako linalo. Atachotsa bandeji, chinthu choyamba kuona chinali nkhope ya NaThandi. Ndinamuuza kuti imvi zamuchuluka, iye anati andibwezere bandejiyo. Tinaseka mpaka anamwino anabwera kudzaona chimene chachitika.

Malata anabwerera ku tchalitchi, ndipo komiti, mwina chifukwa cha manyazi, inamanga holo ija. Pamsonkhano wotsatira ndinakweza dzanja, akuluampingo n'kuyang'ana kudenga monga mwa chizolowezi. Ndinaimirira n'kuwathokoza chifukwa cha kuchedwa kwawo, poti akanamanga nthawi imene ndinkawakalipira, malata aja akanakhala padenga, ndipo ine lero bwenzi ndili pakhonde. Mkulu wosunga makiyi anayankha kuti iwo ankadziwa zimene akuchita, holo yonse n'kufa ndi phwete.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa sanamvere pemphero langa la pa Beitbridge. Ndikuthokoza MaMoyo, amene tsopano amabwera kwathu ngati mwana wapakhomo, ndi NaThandi amene anandiphunzitsa kupemphera osamulamula Mulungu. Inu amene ntchito ikukutererekani, kapena thupi layamba kukukanani, musataye mtima, ndipo musafulumire kutemberera chimene chikuchedwa kapena chimene chikubwera. Mukadzafika ku Luveve, dzaloweni mu holo yathu muyang'ane kumwamba. Ine ndikakhala mmenemo ndimaona pokandika paliponse ndi thuza lililonse ndi maso angawa. Lata lililonse padenga limenelo ndinalikana ndine ndi dzanja langa, koma mvula yagwa dzinja lonse ndipo silinadonthe ngakhale pamodzi. Ambuye alemekezeke.