Zaka za Eveles Zasowa Pakati pa Nazombe ndi Chiringa

Tcherani khutu a Phalombe, zilengezo zafika pa wailesi yanu zikadali zotentha.

Gulu la achinyamata la Tidzuke likudziwitsa makolo ndi ana omwe kuti Loweruka masana kuli mtsutso pabwalo la mpira ku Chiringa. Mutu wake: kodi wa zaka 16 aziloledwa kuvota, kapena adikirebe 18? Woyankhulira ana ndi Eveles Sitima wa Folomu 2. Chilengezochi chachokera kwa Owen, mlembi wa gululi.

A Mavuto Sitima a ku Nazombe akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti Eveles, mwana wa mlongo wawo, wasowa chichokereni Lachiwiri. Akuti ndi kamwana ka zaka 15, mkaka sunaume pakamwa, ndipo akukayikira kuti andale amunyengerera ndi zakumwa. Akavote chiyani, akutero, munthu woti mchere wa m'ndiwo umamuvuta? Chilengezochi chachokera kwa atsibweni akewo.

Banja la a Goodman Eneya likuitanira abale a ku Migowi ndi a kutsidya ku Mozambiki ku chinkhoswe cha mwana wawo Dickson ndi Eveles Sitima, Lamulungu ku Nazombe. Atsibweni a mtsikanayo, a Mavuto, atsimikiza kuti ali ndi zaka 19. Chachokera kwa a Eneya.

Ine ndimangowerenga, abale. Koma mwanayu akukula kuposa nkhuku yachizungu.

Eveles Sitima akudziwitsa onse kuti sanasowe ayi, ali kwa azakhali ake a Aliness ku Chiringa, ndipo kusukulu akupita. Akupempha atsibweni ake abwere Loweruka, chimkuzamawu awasungira, adzatchule zaka zake pagulu, kamodzi kokha. Akati 19, ndiye kuti ndi wamkulu, voti yake yoyamba aiponya pompo: Dickson ayi. Akati 15, apolisi odzasungitsa bata pabwalopo adzamve nawo za chinkhoswecho. Chilengezochi chachokera kwa mwini zakazo.

A Mavuto Sitima akudziwitsa gulu la Tidzuke kuti Loweruka sapezeka, chifuwa chawatseka mawu mwadzidzidzi. Chachokera kwa iwo eni, ndipo anabweretsa okha, akuyankhula bwinobwino.

Chomaliza. Banja la a Eneya likudziwitsa oitanidwa onse kuti chinkhoswe chija kulibe, thobwa mumwere komweko. Zaka zinayi zimene a Mavuto anamuwonjezera Eveles zasowa pakati pa Nazombe ndi Chiringa. Woziona asavutike kuzimanga chingwe, akuti azisiye, zibwera zokha. Chilengezochi chachokera kwa a Goodman Eneya, amene ayamba kumene kufunsa za zaka za mtsikanayo.