Theka la Chimfine

Pamalo odikirira basi mumzinda wa Launceston, m'mawa kukuzizira, bambo wina atavala zakuntchito anali atanyamula mwana wake wamamina, Fergus. Pambali pake panaima agogo ena ndi kangolo kokankha, muli zidzukulu ziwiri.

"Bambo, mwanayu lero sapita kusukulu yamkaka?"

"Amubweza, agogo. Ati Fergus akutsokomola. Chifuwacho adachitenga konko."

"Ndiye lero simulipira."

"Kulipira ndilipira! Malo ake akhala opanda munthu, ine n'kumalipira, boma n'kumandithandiza theka."

"Boma labwino bwanji! Kukugulirani theka la chimfine."

"Musaseke. Abwana anena kuti ndikajombanso, ntchito yatha. Ntchito ikatha, thandizolo alichepetsanso."

"Ine awa ndimawalera sabata yonse, koma boma silindidziwa. Mlendo akapukuta mamina limamulipira. Koma agogo, boma likuti amapukuta ndi chikondi."

"Nanga chikondicho sichingakwanire mwana wachitatu, lero lokha?"

"Ha! Mudalembetsa?"

"Agogo, chonde, basi iyo ikubwera."

"Kumkaka mudamulembetsa akadali m'mimba, kwa ine mukufuna kungolowa? Lembetsani lero, bambo. Malo adzapezeka akadzayamba kumera ndevu."