Kagalimoto Kolephera Ndimu

Mu mzinda wonse wa Nashik, a Digambar ndi okhawo anatsala akugulitsa timagalimoto ta Chimani, tija tokwera anthu awiri, ndipo eni fakitale anali atanenetsa kuti chikondwerero cha Diwali chikadutsa osagulitsako n'kamodzi komwe, atseka shopuyo. Ndiye a Sopan, mphunzitsi wopuma pantchito, atavomera kugula kofiira, a Digambar anakaveka nkhata ya maluwa n'kuika okha mandimu kutsogolo kwa matayala, poti galimoto yatsopano situluka isanaphwanye ndimu.

"Pondani moto, aphunzitsi! Tsoka lonse liphwanyikire pomwepo!"

Kagalimoto kanalira ngati udzudzu, kukwera pa mandimu, n'kutsikira kutsogolo. Mandimu ali gwa.

"Sanaphwanyike," anatero a Sopan atasuzumira pawindo.

"Aphwanyika m'kati."

"Madzi ake ali kuti?"

"Mandimu a chaka chino ngouma, mvula inavuta. Bwererani m'mbuyo!"

Anabwerera. Ndimu limodzi linafwamphuka n'kukagwera m'ngalande.

"Mwaiona mphamvu? Mpaka lathawa!"

"Lathawa lamoyo, achimwene. Tsoka langa likadali m'menemo."

A Digambar thukuta kamukamu. Kutsidya kwa msewu, ogulitsa zigalimoto zikuluzikulu anali atatulutsa mipando, tiyi ali m'manja, kuonerera zaulere.

"Aphunzitsi, kupepukako ndiye ubwino wake! Mafuta kamangonunkhiza. Zimphona zakutsidyazo zimamwa ngati njovu."

"Zimaphwanya mandimu?"

"Zimaphwanya ndi anthu omwe!"

"Ine ndafunsa za mandimu."

"Chabwino, tiikepo matimati."

"Agogo anga sanaikepo matimati."

"Agogo anuwo anali ndi galimoto?"

"Ngolo." A Sopan anakonza magalasi. "Inkaphwanya."

"Kagalimoto aka n'katsogolo, bambo inu! Zaka makumi awiri zikubwerazi, misewu ikadzathina, dziko lonse lidzakagwadira."

"Ndidzabwere nthawi imeneyo?"

"Ayi! Lero!"

"Lero sikanaphwanye."

A Sopan anatsika, kuika makiyi padenga pa kagalimoto mwaulemu wonse, n'kutola ambulera yawo. Kutsidya kuja wina anawomba m'manja. Abale, munthu amapirira, koma pali polekezera. A Digambar magazi anawira, anakwinya thalauza n'kulumphira mandimu otsalawo. Phwa! Phwa! Phwa! Madzi mpaka m'maso.

"Si izo! Aphwanyika! Tengani makiyi, muzipita!"

A Sopan anawerama, kuyang'anitsitsa mandimu, kuyang'ananso nsapato za a Digambar, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenaka anachotsa nkhata ya maluwa pa kagalimoto n'kuwaveka a Digambar m'khosi.

"Nanga izi ndiye ziti?"

"Chaphwanya ndimu ndicho chadalitsidwa kuyenda pamsewu," anatero a Sopan akukwinya malaya. "Weramani, achimwene, ndikwere. Kwathu n'kuseri kwa msika, ndipo mabampu muzidutsa pang'onopang'ono."