Phazi la Malume Pansi pa Tebulo

Moni aulutsi ndi omvera nonse. Ndikulemba kuchokera kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu.

Tinalipo anayi, tonse alimi a mbatatesi, ndipo tinali ndi bandi yoimba nyimbo zauzimu m'chamba cha roko, cha magitala olira mwaukali chija. Chimbale chathu tinajambulira m'nyumba yosungiramo mbatatesi. Ng'oma zabwino tinalibe, ndiye tinayala matabwa pansi n'kumaponda ndi mapazi, monga amapondera azibambo athu pa gule wa ngoma.

Chimbalecho chitatuluka, munthu wina wolemba za nyimbo m'nyuzipepala anati tangokopera zachizungu. Kwathu kuno akulu a mpingo anati talowetsa gule wa pamowa m'nyimbo za Mulungu. Anatiitanitsa kubwalo la mpingo, ndipo tinkadziwa kuti akhoza kutiimitsa kudya mgonero.

Wotsogolera mlanduwo anali malume anga enieni. Analamula kuti nyimbo yoyamba iikidwe, aliyense adzimvere yekha. Nyimbo ili mkati, iwo anati, "Mphwanga, phokoso limeneli n'lotamandira Ambuye?"

"Malume, mawu ake ndi a m'Baibulo," ndinayankha nditazyolika.

Kuzyolikako n'kumene kunandionetsa phazi lawo. Pansi pa tebulo linkaponda simenti motsatira nyimboyo, osaphonya ngakhale kamodzi.

Anatiimitsa miyezi itatu, bandi n'kuthera pomwepo. Sindinawasungire chakukhosi, ndipo za phazilo sindinawauzepo mpaka lero. Koma inu oimba anzanga, anthu akamaweruza nyimbo zanu musamangowayang'ana pakamwa. Muziyang'ananso pansi pa tebulo.