Shuga Asanaswedwe

M'dzina la Mulungu, Mwini chifundo.

Olemekezeka a Bwanamkubwa a chigawo chathu. Olemekezeka oimira boma pa milandu. Olemekezeka mkulu wa apolisi ndi adokotala aakulu a chipatala chathu. A Imamu a mzikiti waukulu, amene mwatidalitsira tsikuli. Lalla Zhor, mtsogoleri wa bungwe la amayi, amene mwandikhazika pampando wakutsogolo ngakhale sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Amayi ndi abambo nonse, mtendere ukhale nanu.

Ine ndine Yamna, wothyola azitona m'minda ya eni. Mwana wagona pamiyendo pa Lalla Zhor uyo ndi wanga, dzina lake Tilila. Mawuwa ndalemba m'mawa uno chothamanga, ndiye pamene pakhota mundikhululukire. Musaombe m'manja kaye, ndingasokonezeke. Ndiyankhula mofulumira, chifukwa ikangotha swala, pemphero la madzulo ano, bambo anga akuswa shuga wouma ngati mwala amene akwawo kwa munthu wondilakwira anabweretsa popepesa. Shugayo akalowa mu tiyi, mlandu wanga watha, ndipo mawa andiperekeza kukanena kuti ndakhululuka.

Ndikuthokoza inu amene munakoka njerwa, ndi inu amene munakokana mitima, kuti wapolisi, namwino, woimira milandu ndi mayi wotonthoza akhale pansi pa denga limodzi. Kwa inu mwina ndi ofesi yatsopano. Kwa ine ndi nyumba imene ndinkailota ndili maso.

Nyengo yokolola yapitayi, kapitawo wa munda umene ndinkagwirako ntchito anandigwiririra, anzanga atatsogola. Mwamuna wanga ali kutsidya la nyanja, m'minda ya tomato ya ku Spain. Nditafika kwathu, amayi anangondiyang'ana kamodzi, nkunyamula ndowa. "Tiye ku hamamu, mwanawe, tikachotse zimenezi anthu asanadziwe." Ndimakumbukira nthunzi ya m'nyumba yosambiramo amayi ija, yoyera ngati mtambo watsikira m'nyumba, mawu a amayi anzanga akumveka kutali ngati akuchokera pansi pa chitsime. Amayi anandikhula msana akulira, ine ndikuyang'ana madzi akulowa m'ngalande, ndikuganiza kuti zonse zapita nawo.

Zinapitadi nawo. Kuchipatala anandifunsa, "Munasamba? Aa, achemwali, umbonitu mwautaya." Anati ndiyambe kupolisi. Kupolisi anati ndiyambe kwa dokotala. Kukhoti, kalaliki anafika pondizolowera. "Mwabweranso, mayi Azitona? Tikuyalireni mphasa pakhondepa?" Ndikuona ena mwaseka. Inenso ndinaseka, chifukwa ndikanapanda kuseka ndikanagwa. Khomo lililonse, nkhani ndiyambire pachiyambi, mpaka inaleka kumveka ngati yanga. Ndinkaimva ikutuluka pakamwa panga ngati wailesi ya kwa aneba.

M'basi pobwerera ndinkatsamira zenera, mapiri akuyandama m'fumbi, ndikulota nyumba ya khomo limodzi. M'menemo mkazi amalankhula kamodzi, onse amene ayenera kumva ali pomwepo, ndipo palibe womufunsa kuti anavala chiyani. M'menemo muli namwino amene anapita kale ku hamamu kukauza amayi athu kuti mwana akabwera wovulala, chikondi chiyambe ndi chipatala, madzi adikire. M'menemo eni minda amaitanidwa kusanachitike kanthu, nauzidwa kuti mkazi asatsale yekha ndi kapitawo. A Imamu amanena Lachisanu kuti manyazi ndi a wolakwa. Ndinkadzidzimuka kondakitala akugogoda mpando. "Tafika, mlongo, kapena mupita nafe kugalaja?"

Lero ndalowa pakhomo limenelo ndi mapazi anga, ndagwira khoma lake, utoto sunaume.

Koma kwathu, olemekezeka, shuga uja ali pa alumali, mitu iwiri yokutidwa ndi pepala la buluu, kanyundo kali pambali. Bambo anga si munthu woipa. Dzulo ndinawagwira mwendo.

"Ababa, mubwezeni."

"Yamna, ndimubweze ndi nkhope iti? Kumsika ndikayenda bwanji?"

"Nanga ine kumunda ndikayenda bwanji?"

Anati, "Apongozi ako anena kale. Ukapitiriza kutchula dzina lawo m'maofesi, Tilila amutenga. Ine ndikuteteza mdzukulu wanga. Boma lakolo lili kuti? Tandionetsa munthu mmodzi wa boma amene anakuperekezapo. Onse amangokulozera khomo lina. Atabwera pano ndi mapazi awo, nkundiuza pamaso kuti mwanayu sangalandidwe ndipo mlandu suimira panjira, shugayu ndikamusiya ndekha pakhomo pa abale a kapitawoyo."

Ndikuopa, abale anga. Ndikuopa kapitawo, amene akuyendabe ndi galimoto yake pamsewu wathu. Ndikuopa kudzadzuka tsiku lina pambali panga palibe mwana. Ndikuopanso inu, chifukwa sindinayankhulepo pamaso pa anthu ovala chonchi. Koma munalemba pakhomopo kuti pano mkazi sadzayendanso yekha, ndipo ine ndawerenga pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, ndakhulupirira.

Choncho pempho langa ndi ili. Tiyi ndi makeke amene atikonzera atidikire, zithunzi tijambula pobwera. Mayi wapolisi, anamwino, inu oimira milandu, Lalla Zhor, tiyeni limodzi kwa bambo anga, nonse anayi m'galimoto imodzi, osati wina lero wina mawa. A Imamu, ngati mpata ulipo, bambo anga amakumverani. Kwathu si kutali, ndi kuseri kwa chigayo cha mafuta. Msewu ndi wokumbika, koma dzuwa likadali pamwamba.

A Bwanamkubwa, ndaona mwagwedeza mutu. Ndaonanso mayi wapolisi uyo watola kale chipewa chake. Mulungu adalitse makolo anu. Lalla Zhor, mundidzutsire mwanayo, nsapato zake zili pansi pa mpando.

Tsopano, ndi mphamvu imene mwandibwereka lero lokha, ine Yamna ndikulengeza kuti nyumba iyi yatsegulidwa, ndipo ntchito yake yayamba pompano. Ndipatseni lumo ndidule nsalu yotsegulira nyumbayi, tizipita.

Zikomo kwambiri.