Chaka Chimene Tsabola Wathu Anasanduka Nsomba

Zaka zija matipate atangoyamba, enanu musanabadwe, wailesi inkanena tsiku ndi tsiku kuti malonda amasuka, ndipo ife a kuno ku Bua tinamva ngati chitseko cha dziko lonse chatseguka. Kunabwera bambo wina wa ku Lilongwe, waulemu wake, wovula nsapato asanaponde pamphasa, nati ku Ulaya akufuna tsabola wamng'onomng'ono wowawa uja, ndipo msonkho pa doko lawo anachotsa. Poti ine ndinafikako Fomu 2, kalata yake ndinawawerengera amayi anzanga ndine, ndipo amene anati tiyeni ndinenso. Ena anazula chinangwa mizere ingapo, koma mayi Asiyatu, amasiye olera zidzukulu zinayi, anazula munda wonse. "Amake Joyce," anatero, "ine sindiwerenga. Maso anga ndinu."

Kalata ija inaletsa kuyanika tsabola pansi. Ife tinati zimenezo n'zosavuta, tinabwereka mathandala oyanikapo usipa, tinawakwecha ndi mchenga, ndipo tsabola anauma bwino, wofiira psuu. Tinatumiza kathumba kamodzi kuti a ku Ulaya akaone. Yankho linabwera lakuti makina awo amva fungo la nsomba, ndipo katundu wokhudzana ndi nsomba amalowa ndi malamulo a nsomba. Musaseke msanga, ana inu, sindinafike.

Ndinakwera njinga mpaka pa Boma, ku ofesi ya zansomba. Bwana wa kumeneko anandipatsa mpando wake, iye n'kukhala pa chidebe, ndipo zimenezo sindiiwala. Anatulutsa fomu.

"Mtundu wa nsomba, mayi?"

"Tsabola, bwana."

"Munagwira ndi ukonde wanji?"

"Tinathyola ndi manja."

Anakanda mutu ndi cholembera. "Mzere uwu ukakhala wopanda kanthu amabweza. Tilembe ukonde wa chilimira?"

"Bwana, ine ndine wa Mvano, bodza ayi."

"Chabwino. Kutalika kwake, kuchokera kukamwa mpaka kumchira?"

Anatenga rula, anayeza tsabola mmodzi mofatsa, kenaka anamuluma kuti atsimikize, ndipo anasaina misozi ili chuchuchu kuti chinthuchi, monga mwa kudziwa kwake, sichinasambirepo.

Masiku ano mumangodina foni, koma nthawi imeneyo pepala linkayenda pa basi ngati munthu. Chikalata cha nsomba chinkatenga mwezi kuti chidindidwe ku likulu, pomwe chikalata china, chonena kuti mulibe tizilombo, chinkatha mphamvu pa sabata ziwiri. Ichi chikadzuka, icho chafa. Tinazungulira katatu. Zitakumana zonse zamoyo, anati matumba athu ndi akale, akufuna atsopano olembedwa m'zilankhulo zitatu, ndipo chimodzi mwa izo ngakhale ahedi a pasukulu sanachidziwe. Tsabola yense anali m'chipinda chimene mwalimu wa pamzikiti anatibwereka, ndipo Lachisanu anthu ankaswali akuyetsemula, koma mwalimuyo sanadandaule ngakhale kamodzi.

Tsiku lina mayi Asiyatu anapeza m'golosale kachitini kochokera kunja, nsomba zothira tsabola. Anakanyamula n'kufunsa wogulitsa, "Iwe, izi zagonera limodzi m'chitini ulendo wonse, ndani anazifunsa chikalata?" Wogulitsayo anangoti ngati sagula abwezere pashelefu.

Bambo wa ku Lilongwe uja anabweranso yekha kudzapepesa, atachepa thupi. Anati, "Amayi, kumeneko kulinso alimi awo, ndipo boma lawo limawakonda. Msonkho anachotsadi, koma pamalo pake anamanga mpanda wa mapepala, ndipo mukalumpha wina amawonjezera wina." Chikomekome cha mkuyu, ana anga, m'kati muli nyerere.

Mvula inagwa, njala inalowa, ndipo kwa mayi Asiyatu kunalibe ngakhale ufa wa kondowole wa tsiku limodzi. Ndinkatumiza kambale ka ufa ndi Joyce, koma ineyo ndinkalambalala nyumba yawo, kudzera kudambo, chifukwa cha manyazi. Anandipeza okha pachitsime. "Amake Joyce, mukundithawiranji? Tsabola sindingaphikire ana, koma inunso sindingakuphikeni. Bwerani tizidandaula limodzi." Ndinalira pomwepo, ndowa ili pamutu.

Sabata yomweyo kunafika mkulu wina wochokera kumidzi ya m'mphepete mwa nkhalango, akukankha njinga, pakaliyala pali thumba la makaka, chinangwa chouma chija. Anali atamva kuti ku Bua kuli amayi amene tsabola wawakanirira. Anati kwawo njovu zikutha minda, koma ukasakaniza tsabola ndi ndowe zouma n'kuyatsa, njovu ikamva utsi wake imabwerera yokha. "Thumba kwa thumba," anatero. "Anzanga akubwera m'mbuyomu."

Ine, pozolowera, ndinathamangira m'nyumba n'kutulutsa mapepala onse, a nsomba, a tizilombo, ndi kuyamba kumufotokozera za mathandala. Mkuluyo anandimvetsera mpaka kumapeto, osandidula, kenaka anati, "Mayi, njovu zathu sizinapite kusukulu. Koma mapepalawo ndipatseni, ngoyatsira moto."

Thumba loyamba la makaka tinalitula pakhomo pa mayi Asiyatu, ndipo mwezi usanathe m'chipinda cha mwalimu munalibe kanthu.

Tsono inu amene mukulota zotumiza katundu kunja, lotani ndithu, sindikukuletsani. Koma akakuuzani kuti chitseko n'chotsegula, funsani modekha kuti kuseri kwake kuli zitseko zingati. Ndipo ngati pali munthu amene akuonera m'maso mwanu, muuzeni asiyeko mizere iwiri ya chinangwa.